Bambo anga sanaonepo mkango: kodi ndiwatengere ku nkhalango iti?

MphunzitsiWaDowa
Moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kwa milungu ingapo, ndipo ndikupempha inu amene munayendako m'nkhalango zosungira nyama kuti munditsegule m'maso. Bambo anga akwanitsa zaka 74 chaka chino. Tsiku lina tikukazinga chimanga pakhonde anandiuza kuti chibadwire sanaonepo mkango ndi maso awo, ngakhale kuti nthano zonse zimene anatilera nazo zinali za mkango, fisi ndi kalulu. Mawu amenewo anandilasa mtima, chifukwa inenso ndakhala ndikuphunzitsa ana za Liwonde, Nyika, Kasungu ndi Lengwe kwa zaka zambiri, ndikujambula mapu pabolodi, koma phazi langa silinapondepo m'malo amenewa. Ndaganiza zoti patchuthi chachitali chikubwerachi nditenge bambo, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri kuti tikaone nyama. Galimoto yathu ndi yaing'ono ndiponso yotsika. Nditafufuza pa intaneti ndapeza mitengo ya m'madola imene usiku umodzi wokha ukuposa malipiro anga a mwezi wathunthu, mpaka ndayamba kukayika ngati maulendo otere anakonzedwera anthu ngati ife. Kodi ndipite kuti, mwezi uti, ndipo kodi mkangowo tikauonadi?

ChigwaChaShire
Mitengo imene mwaonayo ndi ya malo ogona apamwamba, si ya pachipata ayi. Mukasonyeza chiphaso cha unzika mumalipira m'makwacha, ndipo ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene amalipira alendo ochokera kunja.

NkhwaziYaMachinga
Aphunzitsi, ine ndinakulira pafupi ndi Liwonde ndipo m'nkhalangoyi ndalowamo kangapo, choncho ndikuuzani zimene ndikudziwa. Kuchokera ku Dowa mudzadutsa Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Balaka, msewu wa tala wokhawokha mpaka kuwoloka Shire pa Liwonde, ndipo chipata chachikulu chili makilomita ochepa kuchokera m'tauniyo. Palibe lamulo lokukakamizani kugona m'kati mwa nkhalango. Mutha kugona m'tauni, kapena m'malo otsikirako mtengo amene ali chakumwera kwa nkhalangoyi, n'kulawirira pachipata kusanatenthe. Nkhalangoyi si yaikulu, ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 550, ndipo ubwino wake uli pomwepo, chifukwa m'chilimwe madzi a m'zithaphwi akauma nyama zambiri zimatsikira ku mtsinje, moti simuyenda mtunda wautali musanakumane ndi nswala, njiri, nakhodzwe ndi ngoma.

Amene anafikako chaka cha 2015 chisanafike amakumbukira nkhalango yodzaza ndi misampha ya waya, yopanda mkango ndi umodzi womwe. M'chaka chimenecho bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anamanga mpanda wa magetsi, anachotsa misampha masauzande ambiri, kenako anayamba kubweretsanso nyama zimene zinatha kapena kuchepa. Akakwiyo anafika mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu inafika mu 2021. Choncho mkango umene bambo anu akuufuna ulimo ndithu, ngakhale kuti ndi mlendo wobwera posachedwapa.

Komabe ndalama imene ndingakulimbikitseni kuti musaumire ndi ya boti. Ife tinakwera cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa litapendeka kumbuyo kwa mitengo ya mivumo. Woyendetsa anazimitsa injini pamalo pena n'kutiuza kuti tikhale chete. Njovu zisanu ndi imodzi zinatsetsereka pagombe n'kulowa m'madzi, ndipo zitafika pozama sizinkaonekanso, kupatula zitamba zokha zitaimirira pamwamba pa madzi, kamwana kali pakati pa zazikulu ziwiri zimene zinkakakankha kuti kasatengedwe ndi madzi. Mvuu zinkafwenthera kumbali yathu, ng'ona ili gone pamchenga kukamwa kuli yasa. Mayi anga, amene ankaopa boti, anaiwala mantha n'kuyamba kuwerenga njovuzo mokweza mpaka woyendetsa uja anawakodola kuti atsitse mawu. Kwa munthu wachikulire amene sangapirire kugwedezeka kwa galimoto tsiku lonse, ulendo wa pamadziwu ndi wofewa.

NaBandaWaChirimba
Zonse zimene anena a Nkhwazi ndi zoona, koma funso la aphunzitsi ndi la mkango, ndipo pa mkango ine ndikuti Majete. Kumeneko ntchito yobwezeretsa nyama inayamba kale, mu 2003, pamene nkhalangoyo inali itatheratu moti munalibe njovu ngakhale imodzi. Zipembere zinabwera chaka chomwecho, njovu mu 2006, anyalugwe mu 2011, mikango mu 2012, ndipo pofika lero mikangoyo yaswana kwa zaka zoposa khumi. Majete ndiyo inakhala yoyamba m'dziko muno kukhalanso ndi nyama zisanu zimene alendo amazilakalaka kwambiri, zomwe ndi mkango, nyalugwe, njovu, njati ndi chipembere. Ku Majete kulinso akadyamsonga amene anabwera mu 2018, ndipo ana anu akawaona sadzaiwala.

Kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 70, kutsika chitunda cha ku Chikwawa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kenako kukhotera kumanja. Pafupi ndi chipata pali malo omangapo matenti amene phindu lake limapita kwa anthu a m'midzi yozungulira, ndipo mutha kuphika nokha nsima yanu. Ife tinanyamula ufa, mbaula ndi nkhuku ziwiri zootcheratu, ndipo ulendo wonse unatidyera ndalama zochepa kuposa zimene tinawononga paukwati wa mphwanga. Mudzaonanso mathithi a Kapichira, amene aphunzitsi ngati inu mumawatchula m'kalasi pophunzitsa za magetsi.

NkhwaziYaMachinga
Mayi NaBanda, mwaiwala kunena kuti munthu wa zaka 74 wozolowera mphepo ya ku Dowa akatsikira ku Chikwawa mu Okutobala adzaiwala za mkango n'kuyamba kufunafuna mthunzi. Ndiponso kuchokera ku Dowa mtunda wake ndi wautali kwambiri kuposa wa ku Liwonde.

NaBandaWaChirimba
Tchuthi chimene akunenacho chimagwa mu Ogasiti, osati mu Okutobala. Ndipo ku Liwonde nakonso si kozizira monga mukukuonetsera.

Kadyamsonga
Ndakhala ndikulondolera alendo m'nkhalango kwa zaka zingapo, ndipo ndikuona kuti m'pofunika wina anene mawu amene aphunzitsi sangakonde kuwamva. Palibe munthu woona mtima amene angakulonjezeni mkango. Mkango umagona gawo lalikulu la tsiku, nthawi zambiri pansi pa chitsamba, ndipo mtundu wake ndi wofanana ndi udzu wouma, kotero kuti mutha kuudutsa pamtunda wa mapazi makumi awiri osauona. Umayenda usiku, m'bandakucha ndi chakumadzulo. Munthu amene wafika pachipata 10 koloko m'mawa, wadya kaye, n'kuzungulira maola awiri dzuwa lili paliwombo, adzabwerako akunena kuti m'nkhalango mulibe kanthu.

Ngati ndalama ndi zochepa, muzigawe motere: gonani malo otsika mtengo, idyani chakudya chochokera kwanu, koma lipirani ulendo umodzi wa m'mamawa pa galimoto ya m'nkhalango yokhala ndi wolondolera. Olondolera amauzana kumene aona mapazi atsopano, amadziwa kulira kwa nswala ndi anyani pamene aona chilombo, ndipo amayang'ana kumene miimba ikuzungulira. Galimoto zimenezi ndi zazitali, choncho mumaona pamwamba pa udzu, pamene m'galimoto yanu yotsika mudzaona udzu wokhawokha. Ndipo konzani masiku awiri, osati limodzi. Bambo anu muwauziretu kunyumba kuti mukupita kukasaka ndi maso, ndipo mlenje sabwerako ndi nyama tsiku lililonse.

WakuMfuwe
Abale anga a ku Malawi, mukukangana za Liwonde ndi Majete ngati kuti malire a dziko ndi khoma. Munthu wa ku Dowa ali pafupi ndi kwathu kuno. Mukafika pa Mchinji, mwawoloka pa Mwami, mwadutsa Chipata, kwatsala makilomita pafupifupi 130 a tala kuti mufike ku Mfuwe, pakhomo pa nkhalango ya South Luangwa ku Zambia. Chilankhulo simudzavutika nacho, popeza Chinyanja chimamveka njira yonse. Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita oposa 9,000, ilibe mpanda, ndipo mikango ya kuno sinachite kubwera pa ndege, inabadwira m'chigwa momwemo kuyambira kalekale. Anyalugwe ndi ambiri moti pa ulendo wa usiku, umene amayenda ndi nyali yowala kwambiri, mwayi wowaona ndi waukulu. Kulinso mtundu wa kadyamsonga wotchedwa Thornicroft umene supezeka kwina kulikonse kupatula m'chigwa cha Luangwa.

Kuno n'kumene kunatchukira maulendo oyenda pansi m'nkhalango, amene anayambitsidwa ndi Norman Carr, mlendo ali pambuyo pa wolondolera ndi mlonda wa mfuti. Sindikunena kuti bambo anu ayende pansi, koma ana akadzakula mudzawabweretse. Chinthu china chimene anthu sakhulupirira mpaka atachiona n'chakuti pa Mfuwe Lodge, chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala, njovu zimadutsa m'chipinda cholandirira alendo popita ku mtengo wa zipatso umene uli m'kati mwa bwalo, chifukwa njira yawo inalipo nyumbayo isanamangidwe. Ngakhale musanalowe m'nkhalango, mukaima pa mlatho wa Luangwa madzulo mudzaona mvuu zochuluka zitaunjikana m'madzi otsala.

ChigwaChaShire
A WakuMfuwe, kwanuko n'kokongola, palibe wotsutsa. Koma anthu asanu afunika zikalata zowolokera malire, galimoto ifunika mapepala ake ndi inshulansi ya ku Zambia, ndipo pachipata Mmalawi salipira ngati nzika ya dzikolo. Aphunzitsi anena kale kuti thumba ndi lopyapyala.

MlimiWaMalire
Ndawerenga zonse mwalembazi ndipo ndaona kuti nonsenu njovu mumaionera pa boti kapena pa galimoto. Ine ndimaionera m'munda. Kwathu ndi kufupi ndi nkhalango ya Kasungu, ndipo mukudziwa kuti mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde komwe mukukutamako kubwera kuno. A Nkhwazi akuti Liwonde ndi yabwino chifukwa ili ndi mpanda. Ndi zoona, koma njovu zimene zinachuluka m'kati mwa mpandawo zinabwera kumalo kumene mbali zina kunalibe mpanda.

Usiku wina mu Malichi, chimanga chitayamba kukhwima, tinadzidzimuka ndi kuuwa kwa agalu. Ndinatuluka ndi tochi, ndipo chimene ndinayamba kumva si kulira kwa njovu ayi, koma phokoso la mapesi akuthyoka, pang'onopang'ono, ngati munthu akukolola mosafulumira. Zinali zinayi. Tinamenya zitini ndi mapoto, tinayatsa moto, ana akulira m'nyumba, koma zinachoka pamene zinafuna zokha, tambala atalira kachiwiri. Kutacha ndinapeza theka la munda lili pansi, maungu ataphwanyidwa, ndi ndowe zodzaza ndi chimanga changa chomwe. Feteleza wa m'munda umenewo ndinatenga pangongole, ndipo palibe amene anandibwezera ngakhale thumba limodzi. Kwa ena zinafika poipa kuposa apa, chifukwa m'madera ozungulira nkhalangoyi, kuno ndi kutsidya ku Zambia, alipo anthu amene anataya miyoyo.

Sindikuletsa aphunzitsi kupita, ndipo bambo awo ali ndi ufulu woona mkango. Chimene ndikupempha n'chakuti pamene mukufotokozera ana za kukongola kwa njovu, muwauzenso kuti pali anthu amene amagona m'misasa kumunda miyezi itatu chifukwa cha njovu zomwezo.

MwanaWaJoni
Pepani kwambiri bambo Mlimi, nkhani yanu ndi yowawa. Komabe sindikuona kuti yankho lake ndi kudana ndi maulendowa, popeza mpanda umene mukuufunawo umamangidwa ndi kukonzedwa ndi ndalama, ndipo gawo la ndalamazo limachokera pachipata. Ine ndimakhala ku Johannesburg, ndipo chimene chinandidabwitsa ku nkhalango ya Kruger, ku South Africa, n'chakuti ambiri mwa olowa ndi eni dziko, pa galimoto zawo zazing'ono, atanyamula nyama yootcha ndi ana awo. Nkhalangoyo ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 20,000, ili ndi misewu ya tala m'kati, liwiro lololedwa pa tala ndi makilomita 50 pa ola, ndipo zipata zikatsekedwa madzulo uli kunja kwa msasa umalipira chindapusa. Eni dziko akamalowa mwaunyinji, nkhani za nkhalango zimakhala nkhani zawo, ndipo madandaulo ngati anuwo amamveka msanga. Kwathu tinasiyira alendo, n'chifukwa chake mlimi akalira amalira yekha.

MlimiWaMalire
Sindinanene kuti ndimadana ndi maulendowa, achimwene. Ndanena kuti ngongole ya feteleza ndinabweza ndekha. Inu mukamaootcha nyama ku Kruger, ine ndimakhala ndikufukiza tsabola m'malire a munda.

WakuMfuwe
Bambo Mlimi akunena zimene anthu a kwathu amanenanso, chifukwa ku Mfuwe njovu zimawoloka Luangwa usiku kukadya mango ndi kuphwanya nkhokwe m'midzi. Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1950 Norman Carr yemwe ndamutchula uja anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule gawo la dziko lake kuti alendo aziona nyama, ndalama zake zizipita kwa anthu a mfumuyo. Maganizo anali omwewo, akuti amene akuvutika ndi nyama ndiye ayambe kudya phindu lake. Kumene zimenezi zikutsatidwa, anthu amaulula okha opha nyama mozemba. Kumene sizikutsatidwa, agemu amaoneka ngati adani. Aphunzitsi, kulikonse kumene mupite, gulani uchi, tsabola kapena zosema za anthu a m'midzi ya pafupi, ndipo mufunse wolondolera wanu kuti kwawo n'kuti. Ambiri ndi ana a m'midzi yomweyo, ndipo adzakuuzani mbali zonse ziwiri.

GalimotoYaBuluu
Ndibwerere ku funso la mwezi, chifukwa ine ndinaphunzira movutika. Tinapita m'nkhalango ina ya kuchigwa mu Febuluwale, titakopeka ndi mitengo yotsika ya nyengo ya mvula. Munthu amene tinalankhula naye pafoni anatitsimikizira kuti misewu ili bwino, ndipo ife osadziwa tinalowa ndi galimoto yotsika ngati yanuyo. Dothi la kumeneko ndi lakuda, la makande, limene likanyowa limamata matayala mpaka amasanduka ngati mitanda ya nsima. Tinatitimira pamalo opanda netiweki cha m'ma 3 koloko, ndipo lamulo likuti usatsike m'galimoto. Tinakhala momwemo maola atatu, mawindo otseka chifukwa cha udzudzu, mwana akufuna kukataya madzi, gulu la njati likutiyang'ana chapatali. Anatipeza ndi agemu amene ankabwerera ku msasa wawo, ndipo anatikoka ndi chingwe bampala n'kutsala pomwepo.

Choipa china n'chakuti nyama sitinazione bwino, popeza udzu unali wautali kuposa galimoto ndipo madzi anali paliponse, moti nyama zinalibe chifukwa chopitira ku mtsinje. Nyengo ya mvula ndi yabwino kwa okonda mbalame ndi kwa amene akufuna kuona ana a nswala. Kwa inu, kuyambira Julayi mpaka Okutobala ndiye nthawi yake, ndipo Ogasiti ali pakatikati, udzu utagwa koma kutentha kusanafike poipa. Musanalowe, funsani pachipata misewu imene galimoto yotsika ingadutse, ndipo siyani nambala yanu.

Msafiri255
Kunena zoona, amene sanaone nyumbu zikuwoloka mtsinje wa Mara sanaone kanthu. Ine ndinadzera pa Songwe ku Karonga, kenako Mbeya mpaka Arusha, ndipo ku Serengeti ndinaona nyumbu zoposa miliyoni imodzi zimene zimazungulira chaka chonse pakati pa Tanzania ndi Masai Mara ku Kenya, pamodzi ndi mbidzi, kutsatira msipu. Zimawoloka mtsinjewo pakati pa Julayi ndi Okutobala, ng'ona zikudikira. Ku Ngorongoro mikango imagona m'mphepete mwa msewu. Zathu za kuno ndi zazing'ono.

NaBandaWaChirimba
Munthu wafunsa njira ya kumsika wa pafupi, inu mukumulozera ku Arusha. Ndiponso miliyoniyo munaiwerenga nokha, kapena munaona gulu limodzi n'kumva zotsalazo kwa woyendetsa?

MphepoYaRumphi
Popeza aliyense akutama kwawo, nane nditchule Nyika, ngakhale ndikuvomereza kuti si yankho la funso la aphunzitsi. Ndiyo nkhalango yaikulu kuposa zonse m'Malawi, ya masikweya kilomita oposa 3,000, ndipo siifanana ndi ina iliyonse, chifukwa ndi mapiri a udzu waufupi opanda mitengo yambiri, kumene umaona nchefu, chilembwe ndi mbidzi zili patali ngati ng'ombe zili kudambo. Nyengo ya mvula kumamera maluwa a mtundu wa orchid oposa mitundu 200. Koma ku Chelinda, kumene alendo amagona, mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'mamawa, ndipo msewu wochokera ku Rumphi kudzera pa chipata cha Thazima si wa galimoto yotsika. Kumeneko simupitira mkango. Mudzapite chaka china, mutabwereka galimoto yamphamvu ndi majuzi okwanira.

GogoWaNtcheu
Ndakondwa kuona mayina a nyama akulembedwa m'Chichewa, chifukwa zidzukulu zanga zimadziwa mayina a Chingerezi okha. Koma ndifunse a Kadyamsonga: nyama ya khosi lalitali ija ife tinkaitcha nyamalikiti, ndipo ena ndinawamva akuitcha nswala. Tsono inu mukuti nswala ndi kanyama kofiirira kothamanga kaja. Cholondola n'chiti?

Kadyamsonga
Agogo, mayina onsewo ndimawamva kwa alendo anga. Nyamalikiti ndi kadyamsonga ndi nyama imodzi, ndipo dzina lachiwirili likungofotokoza kadyedwe kake ka masamba a kunsonga. Dzina la nswala ena amalipereka kwa nyama yomweyo, koma ife m'nkhalango tikati nswala timanena kagwape kofiirira koyenda m'magulu kaja. Chisokonezochi n'chosadabwitsa, popeza nyamayi anthu ambiri a kuno sanakule akuiona.

Ndiwonjezere malangizo amene ndinasiya. Njovu ikatseka msewu musaimbe hutala ndipo musayese kuidutsa mothamanga. Imani patali, siyani mpata wobwerera m'mbuyo, ndipo samalani kwambiri ngati pali kamwana. Musatsike m'galimoto kupatula pamalo ololedwa, ndipo usiku pamsasa musayende pakati pa mvuu ndi madzi, chifukwa imatuluka kukadya udzu ndipo ikadzidzimuka imathamangira ku mtsinje mosaona chimene chili panjira. Anyani musawapatse chakudya. Valani zovala zosawala, ndipo pewani zabuluu ndi zakuda m'malo a kashembe monga Nkhotakota ndi Vwaza, chifukwa ntchentche imeneyi imakopeka ndi mitundu imeneyo, n'chifukwa chake nsalu zoikola zimene mumaziona m'mitengo zimakhala zabuluu ndi zakuda. Wina akatentha thupi mutabwerako, muuzeni dokotala kumene munali, kuti asangoyeza malungo okha koma aganizirenso za kaodzera, matenda amene kashembe amafalitsa.

MphunzitsiWaDowa
Ndabweranso patapita milungu isanu ndi iwiri kuti ndikuuzeni mmene tinayendera, popeza munandithandiza ndi mtima wonse. Tinasankha Liwonde chifukwa cha mtunda, ndipo mayi NaBanda andikhululukire. Tinagona masiku awiri kunja kwa mpanda, tinaphika tokha, ndipo tinalipira boti limodzi ndi ulendo umodzi wa m'mamawa monga analangizira a Kadyamsonga.

Mkango sitinauone. Tsiku lachiwiri wolondolera anaimitsa galimoto pamsewu wa mchenga n'kutilozera mapazi, akulu ngati chikhatho changa chotambasula, opanda zizindikiro za zikhadabo, ndipo anati adutsa usiku womwewo popeza mphepo inali isanawafufute. Tinawatsatira kwa theka la ola mpaka analowa m'nkhalango ya mitsanya momwe galimoto sikanatha kupita. Bambo anapempha kuti atsike ayeze phazilo ndi dzanja lawo, koma anawakaniza mwaulemu, ndipo anang'ung'udza pang'ono. Chimene sindinayembekezere n'chakuti bambo ndi amene anasanduka mphunzitsi wa ulendowo. Ankatchula mtengo uliwonse ndi ntchito yake, uwu wa mipini, uwu wa mankhwala a m'mimba, uwu nkhuni zake sizithetheka, mpaka wolondolera anatulutsa kabuku n'kulemba mayina awiri amene sankawadziwa. Ana anga, amene kunyumba samva nkhani za agogo awo chifukwa cha foni, anali kukamwa yasa.

Usiku womaliza, cha m'ma 3 koloko, bambo anandigwedeza phewa. Kutali, kumbali ya mtsinje, kunkamveka kubangula kozama kumene kunkatsika pang'onopang'ono mpaka kuthera m'kubuula kwafupikufupi. Anakhala tsonga pamphasa mpaka kunasiya, kenako anandifunsa ngati ku Majete n'kutali kwambiri. Choncho mayi NaBanda, chaka chamawa ndidzakufunani. Bambo Mlimi, nkhani yanu ndinawawerengera ana tili pa boti, njovu zili patsogolo pathu, ndipo wamkulu anafunsa wolondolera ngati kwawo njovu zimadyanso chimanga. Anayankha kuti mpanda usanamangidwe mayi ake ankagona kumunda chaka chilichonse.

MlimiWaMalire
Mwachita bwino kuwawerengera, aphunzitsi, ndipo mupereke moni kwa bambo. Njovu zimene munazionazo mukadzapitanso mukaziuze kuti zikhale komweko, kuno zakwana. Mvula ikangoyamba ine ndikumanganso msasa kumunda.